A Tibwerere pa Mlatho wa Njanji

Pabwalo lonse la ndege panalibe amene ankadziwa dzina lawo lenileni. Ena amati ngakhale akazi awo analiiwala, moti tsiku lina atafunsidwa kuchipatala anachita kutuluka panja kuti akalikumbukire. Aliyense ankangoti a Tibwerere. Dzinali silinachokere kutali. Bambowa anali oyendetsa ndege, ndipo ankatha kunyamuka bwinobwino, anthu n'kuwabayibitsa, mayi wogulitsa tiyi n'kutsuka kapu imene amwera, koma kapuyo isanaume, awo akutera pomwe ananyamukira paja. Ukawafunsa chavuta n'chiyani, yankho linali limodzi: "Phiri silinandilandire."

Kandege kawo kanali kakang'ono moti udzudzu unkakapatsa moni ngati mnzake wa msinkhu umodzi. Munthu wonenepa akakwera, ankayamba wapempha chilolezo asanayetsemule. Koma ntchito kankagwira. Kankanyamula makatoni a mankhwala, makalata ndi anthu ochepa kupita kuchipatala cha kuseri kwa mapiri. Pamsewu ulendo umenewo unali woti unyamuke uli mnyamata ukafike uli ndi zidzukulu, ndipo mvula ikakwiya msewuwo unkasanduka mtsinje wokhala ndi nsomba zomwe. Pandege unali ulendo waufupi, koma njira yake inali imodzi basi. Unkatsata mtsinje mokwera, n'kudutsa pamwamba pa mlatho wa njanji, kenako n'kulowa pampata wa pakati pa mapiri awiri. Ukangopitirira mlathowo chigwa chinkayamba kupanikiza, ndipo mkati mwenimwenimo munali mothina moti ngakhale mphaka sakanatembenuka.

A Tibwerere ankati iwo ndi anthu awiri. Pali wa pansi, mkulu wa nzeru zake, amene wagona bwino, wamwa tiyi, ndipo sakuthamangira kulikonse. Ndiye pali wa m'mwamba. Ameneyo ndi kambuku wa bodza. Akaona mtambo wakuda amati ndi mthunzi chabe. Mafuta akachepa amati geji ikunama. Amangofuna kufika, ndipo zifukwa amazipanga msanga kuposa mwana wogwidwa ndi shuga pakamwa.

Wa m'mwambayo anamudziwira pa ukwati wawo uli wauwisi. Tsiku lina anamumvera, n'kulowa pampata paja potsata kabowo koyera m'mitambo. Kabowoko kanatseka ngati chitseko cha munthu amene sakufuna alendo. Mmene anatulukira, iwo eni ake sadziwa mpaka lero. Atatera, amakaniko, mnzawo wa pabwalopo, anachotsa masamba pateyala. Amakanikowo amalumbira kuti panalinso chisa cha mbalame, mazira ali momwemo, make akufungatira. Madzulo a tsikulo akazi awo anayang'ana tsamba lomwe amuna awo anabwera nalo m'thumba, anayang'ananso mimba yawo yomwe inali itayamba kuoneka, osanena kanthu. Ndipo amene anakwatirapo akudziwa kuti mkazi akakhala chete chotero, bola akanakugenda ndi mbale.

Kutacha, bamboyo anakhala patebulo n'kunena kuti: "Kuyambira lero zosankha azisankha wa pansi. Wa m'mwamba ntchito yake n'kugwira chiwongolero."

Mwambo wa m'nyumba mwawo unayamba choncho. M'mawa uliwonse wa ulendo, akamaliza tiyi, ankanena malire a tsikulo mokweza, akazi awo akumva. "Ndikafika pa mlatho wa njanji, mitu ya mapiri onse awiri ndikapanda kuiona, ndibwerera." Tsiku lina ankawonjezerapo za mphepo, tsiku lina za mafuta. Akazi awo ankabwereza mawuwo, kenako ankatenga kapu ija n'kuivundikira pa sosala. Mawu atsekeredwa mmenemo. Kapu imeneyo sinkasunthidwa mpaka mwini wake atabwera, ndipo ngakhale nyerere za m'nyumbamo zinkailambalala mwaulemu.

Anzawo oyendetsa ndege ankawaseka kwabasi. Ankati a Tibwerere amaimbira foni azanyengo asanapite kuchimbudzi. Ankati anaona utsi wa munthu wosuta fodya n'kubweza ndege. Abwana awo nawo ankadandaula kuti katoni imodzi ya magolovesi yauluka maulendo ambiri moti ikuyenera kupatsidwa laisensi. Iwo ankangoseka nawo, n'kumazungulira kandege kawo akuimba chapansipansi, akugwedeza mapiko, akusuzumira mafuta, akugogoda mateyala ngati wogula mavwende. Kuimbako kunali chizolowezi chawo. Mtima wawo ukakhala m'malo, pakhosi pawo pankangolira kanyimbo kopanda mutu.

Amene zinkamuwawa anali mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo. Kangapo bambo ake anagona kuseri kwa mapiri, mitambo itawatsekera, pa tsiku loti mwanayo alandire mphoto kusukulu. Anzake ankamunyoza kuti adadi ake amaopa mitambo. Iye ankawayankha ndi zibakera, ndipo akuti kunali anyamata ena amene anakula akuopa mtsikanayo kuposa mmene bambo ake ankaopera mitambo. Koma akafika kunyumba ankapita kukaima patsogolo pa kapu yovundikira ija, milomo ili ndundundu.

"Amama, adadi sandikonda eti?"

"Akanapanda kukukonda akanabwera dzulo lomwe," ankatero mayi ake. Mwanayo sankamva tanthauzo lake, ndipo ankapita kukagona ali chikwiyire.

Anakula, anaphunzira unamwino, ndipo ntchito anakaipeza kuchipatala chomwe chija cha kuseri kwa mapiri. Kumeneko anakwatiwa ndi mphunzitsi wina wofatsa, wamtali ngati mlongoti, amene ankaopa apongozi ake moti akawaimbira foni ankayamba wavala jekete.

Ndi mkamwini ameneyu amene anaimba foni m'mawa wina nyengo ya mvula ili pakati. Mkazi wake anali woyembekezera mwana woyamba, ndipo matenda anali atamuyamba nthawi isanakwane. Mwana sanagone bwino m'mimba, madokotala ankakambirana za opaleshoni, ndipo mkaziyo ankangoitana mayi ake. Mkamwini asanamalize, foni inaduka. A Tibwerere anayesa kumuimbira, koma kuseri kuja mvula ikagwa mafoni amafa onse nthawi imodzi.

Msewu unali utaduka kale. Koma tsikulo linali la ulendo wa ndege, ndipo mpando umodzi unali wopanda munthu. Abwana anavomera mosavuta kuti akazi a Tibwerere akwere nawo.

Apa mpofunika kudziwa kuti mayiwa, pa zaka zonse za ukwati wawo, anali asanakwereko ndege. Ankati Mulungu akanafuna kuti iwo aziuluka akanawapatsa nthenga, osati nyamakazi. Koma m'mawa umenewo analongedza ngati mphepo yamkuntho. Beseni, matewera, mabulangete, fulasiki, sopo wokwanira kusambitsa chipatala chonse ndi alonda omwe. Amuna awo anali patebulo, kapu ili m'manja. Azanyengo anali atawauza kuti kumapiri mitambo ikutseka n'kumatsegula, palibe angalonjeze kanthu.

"Mayi a mwana, khalani pansi."

"Ndikhale pansi? Mwana ali pa mpeni inu mukuti ndikhale pansi?"

"Pang'ono pokha. Ndikafika pa mlatho wa njanji, mitu ya mapiri onse awiri ndikapanda kuiona, ndibwerera."

"Ndamva."

"Bwerezani."

"Bambo inu, lero lomwe? Ndili nanu mundege momwemo!"

"Lero ndiye makamaka."

Mayiwo anabwereza mawuwo ngati akutafuna miyala, n'kuvundikira kapu ija mwamphamvu moti sosala inalira.

Pabwalo amakaniko anawathandiza kukweza katundu. Anayesa kuseka kuti beseni lokhalo likufunika ndege yakeyake, koma ataona maso a mayiwo anameza nthabwala yawo, n'kuwamanga lamba bwinobwino. Anawaveka mahedifoni kuti azimvana ndi amuna awo pamwamba pa phokoso la injini.

"Alamu, musaope," anatero amakaniko. "Achimwenewa ndi amantha kwambiri moti sangakugwetseni."

Ndege itanyamuka, mayiwo anatseka maso n'kuyamba kupemphera pemphero lalitali lotchula abale onse, amoyo ndi akufa. Atatsegula maso, pansi panali mtsinje wofiira ndi matope, nyumba zili ngati mabokosi a machesi. Amuna awo ankaimba kanyimbo kawo kaja. Kwa kanthawi zinthu zinkaoneka ngati ziyenda.

Kenako kutsogolo kunayamba kuda. Mlatho wa njanji unaoneka pansi, wopyapyala ngati chipeso. A Tibwerere anakweza maso. Phiri la kumanja linali poyera, mutu wake wonse ukuoneka. La kumanzere linali litafunda mtambo mpaka m'mapewa. Koma pakati, pampata penipeni, panali kabowo kowala, dzuwa likusuzumira, kokongola ngati khomo la tchalitchi.

"Apo!" anafuula mayiwo, chala chili pagalasi. "Apo pali poyera! Dutsani pamenepo!"

Wa m'mwamba uja anadzuka. Zaka zonsezi anali atamangidwa ngati galu wolusa, ndipo lero anapeza chingwe chitamasuka. Anayamba kunong'ona. Njira iyi umaidziwa kuposa khonde la nyumba yako. Phiri lija silinasamuke, lili pomwe limakhala. Kabowoko n'kokula kuposa kaja ka kale. Mwana wako akuitana mayi ake. Unamuphonya tsiku la mphoto, umuphonyanso lero? Ndipo akapita osaonana ndi mayi ake, ukayang'ana bwanji nkhope ya mkazi ali pambali pakoyu?

Mlatho unadutsa pansi pa mapiko. Ndege sinatembenuke.

Mayiwo anapuma mwamphamvu, n'kufinya chikwama chawo. Tikupita, anatero mumtima. Koma patapita kanthawi anamva kuti m'mahedifoni mwasowa kanthu. Injini inkalira, mphepo inkawomba, koma kanyimbo kaja kanali katasiya. Anatembenuka n'kuwayang'ana amuna awo. Thukuta linkatsika kuseri kwa khutu kulowa m'kolala. Zala zinali zitauma pa chiwongolero. Nkhope imeneyi anaionapo kamodzi kokha, tsiku la tsamba lija.

Anasuzumira kumbuyo. Kachipeso kaja kankacheperachepera. Mbali zonse ziwiri mapiri anali atayamba kuyandikira ngati anthu ofuna kumva nkhani.

"Bambo a mwana."

"Ee."

"Mlatho uja ndi umene tausiya kumbuyowu?"

"Ndi womwewo."

"Mapiri mukuona angati?"

"Limodzi. Ndi theka la linalo."

"Theka munalitchula patebulo?"

Bamboyo anangoyang'anabe kabowo kaja.

"Ndikufunsa. Theka munalitchula?"

"Mwana akukuitanani, mayi."

"Ndikudziwa kuti akundiitana! Ndinamubereka ndine!" Mawu awo anasweka, misozi n'kuyamba kutsika mpaka pa lamba. "Mtima wanga uli kale uko, chatsala pano ndi thupi lokha. Koma kapu ija ndinavundikira ndine, ndi dzanja langali. Sindinaisunge zaka zonsezi kuti idzasweke tsiku limene ndakwera ine. Akuitana mayi wamoyo. Tembenukani."

A Tibwerere anayang'ana kabowo kaja komaliza. Kanali kakuwalabe, kakuwakodola. Kenako anayang'ana kumanja, anayeza malo otsala, anapendeketsa phiko. Ndege inazungulira pang'onopang'ono, mitengo ya m'mbali mwa phiri ikuoneka nthambi ndi nthambi, mpaka mlatho unabwera kutsogolo kwawo. Anauza a pansanja yoyang'anira ndege pa wailesi kuti akubwerera. Mawu awo anali abata ngati akufunsa mtengo wa tomato. Mayiwo analira njira yonse, nkhope atalozetsa pawindo.

Amakaniko atamva injini anatuluka m'shedi akupukuta manja, nthabwala ili kale pamlomo, pakuti pa zaka zonsezi sanaphonyepo kuwalandira ndi chipongwe. Koma ataona awiriwo akutsika, anabwerera m'shedi n'kutulutsa mipando iwiri. Anaitana mayi wa tiyi. Tsiku limenelo pabwalo palibe anatchula dzina lija.

Anakhala pamenepo akuyang'ana kumapiri, foni ili pa ntchafu. Masana anadutsa, mitambo ili chitsekere. Ndiye poti kumwamba nakonso kuli ndi mwano wake, dzuwa litapendeka kwambiri mitambo inanyamuka yonse ngati yaitanidwa ku msonkhano. Mapiri awiri aja anaima poyera, osamba bwino, opanda ndi manyazi omwe. Koma nthawi inali itatha. Bwalo la kuseri linali la udzu, lopanda magetsi, ndipo mdima ukanawapeza asanatere.

Mayiwo anayang'ana mapiriwo nthawi yaitali.

"Mwina kabowo kaja sikanatseke," anatero. "Mwina tikanafika."

"Mwina."

"Mukuvomera?"

"Ndikuvomera. Mwina tikanafika, mwina ayi. Sitidzadziwa. Koma pa mwina sindikwezapo mkazi wanga." Anazunguza chipewa m'manja. "Lero ndinatsala pang'ono kukukwezanipo. Mwandigwira ndinu."

Mayiwo anangotambasula dzanja n'kugwira mkono wa malaya a amuna awo, pafupi ndi chigongono, ngati mmene mwana amagwirira pamsika kuti asasochere. Kunyumba madzulo amenewo palibe anadya, ndipo palibe anakhudza kapu ija. Ulendo unali usanathe.

Kutacha kumwamba kunali mbee, koyera moti ukanatha kuona mawa. Bamboyo anamwera tiyi m'kapu ina, ananenabe malire a tsikulo, ndipo akazi awo anabwereza mosadandaula. Pa mlatho wa njanji mayiwo anawerenga okha mokweza, chala chili pagalasi: "Ilo. Ndi ilo." Analowa pampata. Kanyimbo kanali kasanabwerere, pakuti foni inali isanalirebe ndipo palibe ankadziwa chimene akachipeze.

Akuzungulira kuti atere, anaona munthu wamtali ataima m'mphepete mwa udzu, atavala jekete. Sankakupiza manja. Anangoima. Mtima wa a Tibwerere unagwera m'nsapato, koma manja awo anateretsa ndege mofewa ngati akugoneka khanda. Injini isanazime bwino, mayiwo anali akulimbana kale ndi lamba.

Mkamwini anayandikira, anagwira manja kumbuyo, n'kuyamba mwaulemu wake wonse: "Apongozi, mwayenda bwanji? Kunyumba mwasiyako bwa..."

"Iwe!" anakuwa mayiwo, ulemu wa chipongozi atauponya kutali. "Mwana wanga!"

"Ali bwino, amama. Onse awiri. Anamuchita opaleshoni dzulo masana. Ndi wamkazi." Atatero mnyamata wamtali uja anakhala pansi pa udzu wonyowa, jekete ndi yonse, n'kuyamba kulira ngati mwana wa sukulu ya mkaka.

M'wodi munkanunkhira mankhwala ndi sopo. Mwana wawo anagona pabedi la pawindo, wotuwa, milomo youma, diripi ili pamkono. Pambali pake panali kamtolo kakang'ono kofiira, kokwinya nkhope ngati kabwana kosakhutira ndi malipoti. Mayiwo anagwada n'kukumbatira mutu wa mwana wawo, akulankhula zinthu zosamveka. Bamboyo anatsalira pakhomo, chipewa chili m'manja.

"Adadi, bwerani kuno. Mwaima ngati mwabwera kudzagulitsa inshuwalansi."

Anayandikira. "Mwanawe, dzulo tinanyamuka. Tinafika mpaka pa mlatho. Pepa."

"Ndikudziwa."

"Wakuuza ndani?"

"Palibe. Akundikankha pa kabedi kupita ku fiyeta kokachita opaleshoni, tinadutsa pakhonde, ndinaona mapiri. Limodzi silinkaoneka. Poyamba ndinachita mantha kuposa a mpeni. Ndinati bambo a mwanayu aimba foni, amama akakamiza, akwera ndege, alowa mmenemuja chifukwa cha ine." Anapuma pang'ono, akumeza ululu. "Kenako ndinakumbukira kapu. Ndinati ayi, adadi anga ndimawadziwa. Afika pa mlatho, abwerera, amama awakalipira, mawa abwera onse awiri. Mtima unakhala pansi. Ndinauza adokotala kuti yambani, anthu anga ali bwino."

A Tibwerere anayang'ana akazi awo. Akazi awo anayang'ana kudenga, n'kuyamba kukonza bulangete lomwe linali lokonzeka kale.

"Amama anakalipa, eti?" anafunsa mwanayo.

"Anakalipa," anatero bamboyo. "Kwambiri. Ndipo anachita bwino."

Anawapatsa kamtolo kaja. Munthu amene anateretsa ndege pa mphepo yokhoza kuzula denga anakalandira ngati akunyamula dzira la golide. Khandalo linatsegula diso limodzi, linawayeza kuyambira kuchipumi mpaka kuchibwano, n'kulitsekanso. Pakhosi pa agogo atsopanowo panayamba kulira kanyimbo kopanda mutu kaja, chapansipansi.

"Koma uyu sanatengere ine," anatero patapita nthawi. "Wanyamuka tsiku lisanakwane, nyengo yoipa, osafunsa ndi azanyengo omwe."

"Mumuphunzitsa," anatero akazi awo, akutulutsa matewera m'beseni. "Kapu ndimugulira ndine."